Mpweya Wobisala M'madzi a Pachitsime

Mzinda wa Chicago uli pa mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku nyanja ya mchere. M'chaka cha 1930, pomwe ankatsegula Shedd Aquarium, nyumba yaikulu yoonetseramo zamoyo za m'madzi, eni ake anachita kukatunga madzi ku Key West, kumunsi kwenikweni kwa Florida, n'kuwanyamula pa sitima ya pamtunda. Mabogi 20 a matanki anayenda maulendo 8 kupita ndi kubwera mpaka anatuta malita pafupifupi 3.8 miliyoni. Lero chintchito chotere n'chosafunikanso. Munthu amagula thumba la mchere wosakaniza kale ku fakitale, amayeza magiramu pakati pa 35 ndi 40 pa lita iliyonse, amathira m'madzi, amatakasa, ndipo kukamacha amakhala ali ndi madzi oti nsomba za m'nyanja n'kukhalamo. Nkhani yonse yatsalira pa madzi osungunuliramo mcherewo. Akakhala ndi kalikonse kosafunika, kamalowa nawo m'thanki ndipo sikatulukamonso, chifukwa madzi amaphwa tsiku ndi tsiku koma zimene anabwera nazo zimatsala n'kumaunjikana.

Nsomba zambiri zimapirira madzi oterowo. Makorali ndiwo sapirira. Munthu akawaona koyamba amayesa ndi miyala kapena zomera, koma ndi tinyama tofewa tokhala m'magulu, ndipo kalikonse kamadzimangira chigoba cha laimu ndi calcium ndi carbonate za m'madzi. M'minofu mwawo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawirako tinyamato. Kumene amakula bwino, monga ku Great Barrier Reef ku Australia, kapena m'mbali mwa nyanja ya Mozambique, ku Pemba, ku zilumba za Quirimbas ndi ku Bazaruto, madzi amakhala oyera mbee, ndipo nitrate ndi phosphate zimakhalamo zochepa kwambiri. Zikachuluka m'thanki, ndere zina zimamera n'kukuta makorali. Kopa wosuluka m'mapaipi a m'nyumba amawapha, ngakhale atachepa moti munthu n'kumwa madziwo osamva kanthu. Choncho madzi abwino kumwa si onse amene ali abwino kwa makorali, ndipo aliyense wowaweta amayamba wasefa madzi mpaka atatsala madzi okhaokha.

Makina ake oweta makorali amangowatchula kuti RO/DI. Ndi mabotolo angapo a pulasitiki olumikizana ndi timapaipi, opachikidwa pakhoma pafupi ndi sinki kapena m'chipinda chochapira. Botolo loyamba limagwira mchenga, matope ndi dzimbiri. Lachiwiri lili ndi makala, amene amayamwa klorini ndi mankhwala ena. Kenako madzi amafika pa sefa ya RO, imene ndi chipepala cha pulasitiki chopyapyala kwambiri chokulungidwa kambirimbiri mozungulira paipi. Madzi amakankhidwa mwamphamvu pa chipepalacho: ena amadutsa ali oyera, ena amakokolola michere yokanidwa n'kupita nayo kotayira. Pa makina a m'nyumba, lita imodzi yoyera imatayitsa malita atatu kapena anayi. Sefa yoyamba yogwiradi ntchito ya mtundu umenewu anaipanga Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan pa yunivesite ya California ku Los Angeles cha mu 1960, ndipo mu 1965 tauni ya Coalinga inayamba kumwa madzi osefedwa motere. Masefa a masiku ano, ochokera ku ntchito imene John Cadotte anagwira m'zaka za m'ma 1970, amatsekereza michere 95 mpaka 99 pa 100 iliyonse.

Yotsalayo ndi ntchito ya botolo lomaliza, la DI. M'menemo muli timikanda ta resin, tosakwana milimita imodzi, ta mitundu iwiri. Mchere ukasungunuka umagawika m'tizidutswa totchedwa ma ion, ena okhala ndi mphamvu ya magetsi ya positive, ena ya negative. Timikanda ta mtundu woyamba timagwira a positive, monga sodium, calcium ndi kopa, n'kupereka hydrogen m'malo mwake. Ta mtundu wachiwiri timagwira a negative, monga chloride, nitrate ndi phosphate, n'kupereka hydroxide. Hydrogen ndi hydroxide zikakumana zimangopanga madzi. Timikanda topangidwa ndi anthu totere tinayamba ndi Basil Adams ndi Eric Holmes ku England mu 1935. Koma kamkanda kalikonse kali ndi malo owerengeka, ndipo malowo akadzaza kamaleka kugwira. Ogulitsa ambiri amathirako utoto wosintha mtundu: tatsopano timakhala tabuluu, totha ntchito timasanduka tofiirira. Popeza madzi amalowera pansi pa botolo, kufiirako kumayambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, moti mwini wake amangoyang'ana n'kudziwa kuti nthawi yogula tina yayandikira.

Ku United States kokha, anthu oposa 40 miliyoni amamwa madzi a m'zitsime zawozawo, zambiri zobooledwa ndi makina ndiponso zokhala ndi pampu ya magetsi. Ena mwa iwo amaweta makorali, ndipo amakumana ndi chozizwitsa chimene anzawo a m'tauni sakumana nacho kawirikawiri. Pa makinawa pamakhala kamita koyezera michere, kotchedwa TDS. Madzi akatuluka mu sefa ya RO, kamitako kamawerenga 4 kapena 5, kusonyeza kuti sefa ikugwira bwino ntchito ndipo timikanda tatsala ndi zochepa zoti tigwire. Wa m'tauni wokhala ndi nambala yomweyo amatha miyezi ingapo ndi botolo limodzi. Wa pachitsime akadzaza diramu imodzi kapena ziwiri, botolo lonse limakhala litafiira. Amaganiza kuti anamugulitsa timikanda togonera, amagula tina, amasintha sefa ya RO, koma zinthu osasintha. Chimene chikudya timikandato sichioneka pa kamita. Ndi mpweya wa carbon dioxide.

Kumene mpweyawu umachokera

Mu mpweya umene timapuma, carbon dioxide ndi wochepa zedi, magawo opitirira 420 pa miliyoni iliyonse. Pamene Charles David Keeling ankayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, anali pafupifupi 315. M'nthaka zinthu n'zosiyana. Mizu imapuma usana ndi usiku, tizilombo timaoletsa masamba ndi zinyalala, ndipo zonsezi zimatulutsa carbon dioxide amene sapeza potulukira msanga. Mu timipata ta m'dothi mpweyawu umachuluka kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100 poyerekeza ndi wa kunja, makamaka nthaka ikakhala yofunda ndi yachinyezi. Mvula ikamalowa pansi imadutsa m'menemo, imauyamwa, n'kutsika nawo kukafika kumene zitsime zimatunga.

Kuchuluka kwa mpweya umene madzi angasunge anakufotokoza William Henry wa ku Manchester mu 1803: madzi amayamwa mpweya molingana ndi mmene mpweyawo ukuwapanikizira. Madzi okhala poyera, ofunda madigiri 25, amasunga carbon dioxide wongopitirira pang'ono theka la miligiramu pa lita. Madzi a pansi pa nthaka amatha kukhala ndi mamiligiramu 20, 50, mwinanso kuposa 100. Zili ngati botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi: likakhala chitsekere simuonamo thovu ngakhale mpweya uli thoo, koma mukalitsegula n'kulisiya patebulo, pofika mawa limakhala litatha mphamvu. Madzi a pachitsime chobooledwa satsegulidwa n'komwe. Amachoka pansi, amakwera m'paipi, amalowa m'thanki yotseka, n'kufika pa makina osefera asanakumanepo ndi mpweya wa kunja. A m'tauni nthawi zambiri amachokera mumtsinje kapena m'damu, kumene anapuma kale, ndipo makampani a madzi amathiramo laimu kapena soda kuti asamadye mapaipi.

Mpweya wobisala m'madziwu si nkhani ya oweta nsomba okha. Usiku wa pa 21 August 1986, nyanja ya Nyos ku Cameroon inatulutsa nthawi imodzi carbon dioxide amene anaunjikana m'madzi ake akuya kuchokera pansi pa phiri lophulika, ndipo anthu oposa 1,700 a m'midzi yozungulira anafa, pamodzi ndi ziweto zawo. Mu 2001 akatswiri anaimika paipi yofika pansi pa nyanjayo kuti mpweyawo uzituluka pang'onopang'ono: madzi akamakwera m'paipimo kupanikizika kumachepa, thovu limayamba, ndipo thovulo limakoka madzi ena popanda pampu. Okumba zitsime amaudziwanso mpweyawu. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umakhazikika pansi pa dzenje, ndipo n'chifukwa chake odziwa ntchito yawo amayamba atsitsa nyali yoyaka. Ikazima, salowamo.

Miyala ya m'dera imasintha nkhope ya vutoli. Carbon dioxide akasungunuka, gawo lake lochepa limasanduka asidi wofooka. Kumene kuli miyala ya laimu, asidiyu amadya mwalawo, madzi amadzaza calcium ndi bicarbonate, sopo sachita thovu, ndipo m'ketulo mumatsala zoyera. Kumene kuli miyala yolimba monga granite, asidiyu sapeza chomuziziritsa. Madzi amatuluka ndi pH (muyezo umene umatsika asidi akachuluka) ya pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo amadya mapaipi a kopa. Munthu akaona mzere wobiriwira mosakanikirana ndi buluu pa sinki yoyera, pomwe mpopi umadonthera, adziwe kuti madzi ake ndi oterowo.

Nanga sefa ya RO, imene imakaniza ngakhale mchere, imalolera bwanji mpweyawu? Sefayi imakana kwambiri zinthu zokhala ndi mphamvu ya magetsi ndi zinthu zikuluzikulu. Carbon dioxide wosungunuka ndi wamng'ono ndipo alibe mphamvu ya magetsi, choncho amadutsa pamodzi ndi madzi osachepako n'komwe. Bicarbonate, amene akanamuziziritsa, ndiye amatsalira kumbuyo. N'chifukwa chake madzi otuluka mu RO amakhala ndi pH yotsika kuposa amene analowa, nthawi zambiri pakati pa 5 ndi 6. Kamita ka TDS nako sikawerenga michere mwachindunji. Kamangoyeza mmene magetsi akudutsira m'madzi n'kusandutsa zimenezo nambala. Chinthu chopanda mphamvu ya magetsi sikachiona.

Timikanda ta negative ndito timamuona. Carbon dioxide akangokhudza hydroxide wa pa kamkanda amasanduka bicarbonate, n'kukhala pa malo amene nitrate kapena phosphate akanakhala. Masamu ake ndi osavuta. Timikanda sitiwerenga kulemera kwa chinthu koma kuchuluka kwa tizidutswa. Mamiligiramu 5 a mchere wa patebulo ali ndi tizidutswa tokwana pafupifupi 0.09 pa muyezo wa millimole. Mamiligiramu 50 a carbon dioxide ali ndi 1.1 pa muyezo womwewo. Ndiye kuti pa lita iliyonse, chimene kamita sikakuchiona chikudya malo ochuluka kuposa ka 10 poyerekeza ndi chimene kakuchiona. Botolo limene likanasefa malita masauzande angapo limathera pa malita mazana ochepa.

Kutha kwa ndalama ndi mbali imodzi chabe. Choopsa kwambiri ndi chimene chimachitika timikanda tikatha mwini wake asakudziwa. Zinthu zonse sizigwiridwa mofanana. Silica, amene amachuluka m'madzi a pansi pa nthaka chifukwa amasuluka m'miyala, amagwiridwa mofooka, ndipo malo akayamba kusowa ndiye amayamba kukankhidwira kunja. Kwa kanthawi madzi otuluka amatha kukhala ndi silica wambiri kuposa amene analowa, chifukwa timikanda tikulavula zimene tinasunga. Silica nayenso saoneka bwino pa kamita. Patapita masiku, mchenga woyera wa m'thanki ndi magalasi ake zimakutidwa ndi fumbi lofiirira la ndere zotchedwa diatom, zimene zimamanga zigoba zawo ndi silica. Mwini thanki amapukuta madzulo, kukacha labwereranso, ndipo amafunafuna cholakwa m'zakudya za nsomba kapena m'magetsi owunikira, pomwe gwero lili pakhoma la chipinda chochapira.

Kuyeza musanagule kanthu

Pali njira yodziwira imene sifuna ndalama zambiri, ndipo ndi bwino kuyamba ndi imeneyi. Tsegulani mpopi kwa mphindi zingapo kuti madzi ogonera m'mapaipi achoke. Tungani mofatsa m'kapu, osawakhuthula mothovutsa, n'kuyeza pH nthawi yomweyo. Kenako ikani madzi ena m'ndowa, muponyemo kamwala kotulutsa thovu kolumikizidwa ku kapampu ka mpweya, n'kuwasiya usiku wonse. M'mawa yezaninso. Ngati pH yakwera kwambiri, mwachitsanzo kuchoka pa 6.8 kufika pa 8, chimene chatulukacho ndi carbon dioxide. Ngati yangosuntha pang'ono, vuto lili kwina, ndipo ndi bwino kuyang'ana sefa ya RO ndi mphamvu ya madzi.

Wofuna nambala ayezenso mphamvu ya madzi yoziziritsa asidi, imene oweta nsomba amaitchula kuti KH ndipo amaiyeza ndi timadontho ta mankhwala. Madzi a pH 7 amakhala ndi carbon dioxide wokwana KH kuchulukitsa ndi 3, pa mamiligiramu pa lita. Choncho KH ikakhala 10, mpweya ndi mamiligiramu 30. pH ikatsika ndi 1, chulukitsani ndi 10. Ikakwera ndi 1, gawani ndi 10. Madzi a KH 2 ndi pH 6 ali ndi mamiligiramu 60, pomwe a KH 10 ndi pH 8 ali ndi 3 okha. Kupitirira pH 8.3 mpweya womasuka umakhala utatheratu, wonse utasanduka bicarbonate. Kuyezaku kuchitike pa madzi a pampopi, osati otuluka mu RO kapena DI. Madzi oyeretsetsa alibe choziziritsa asidi, moti kampweya kochepa kochokera m'chipinda kamatsitsa pH yawo kufika cha pa 5.6, ndipo zoyezera zambiri zimangosokonezeka nawo. Nambala imeneyo yaopseza anthu ambiri pachabe. Mukathiramo mchere wa m'nyanja, pH imatsatira mcherewo.

Kuutulutsa

Mankhwala ake ndi kuwapatsa madzi mpata wokumana ndi mpweya wa kunja. Funso lenileni ndi lakuti akumane nawo pati. Maganizo oyamba a anthu ambiri amakhala oti apumitse madzi asanalowe m'makina, koma pamenepo pali misampha. Madzi oti apumitsidwe amachuluka kanayi kapena kasanu, chifukwa mukupumitsa ndi otayidwa omwe. Amataya mphamvu yonse ya pampu ya pachitsime, ndiye pamafunika pampu ina yowakankhira mu sefa. Komanso pH ikakwera m'madzi odzaza calcium, laimu amayamba kuuma pa sefa ya RO, ndipo ayironi wosungunuka akakumana ndi oxygen amasanduka dzimbiri lotseka timabowo. Nyumba zina zili ndi matanki opumitsira madzi a nyumba yonse pamodzi ndi sefa yaikulu yogwira dzimbirilo, ndipo kumeneko zimayenda bwino. Koma kwa munthu amene akungofuna madzi a makorali, malo oyenera ndi pakati pa RO ndi DI. Pamenepo madzi ndi ochepa, alibenso laimu kapena ayironi woti aume, ndipo timikanda sitinawakhudze.

Njira yapafupi imafuna diramu ya pulasitiki yoyera, ya mtundu wosungiramo zakudya. Kapaipi kochoka pa RO amakadula n'kukalozetsa m'diramu, ndipo pamwamba amaikapo kachoyandama kotseka madzi ikadzaza. Pansi amaikapo kamwala kotulutsa thovu n'kusiya kapampu kakulira usiku wonse kapena tsiku lathunthu. Chivindikiro chikhale chotchinga fumbi koma chosiya mpata woti mpweya uzituluka. Kutseka ndithu n'kubweza m'madzi chimene mukufuna kuchotsa. Kenako madzi amapita ku DI ndi kapampu kakang'ono, kapena diramu imakwezedwa pashelefu kuti azitsika okha. Apa pamafunika kudekha. Timikanda timafuna nthawi yokhudzana ndi madzi, choncho ayende mwapang'onopang'ono, monga mmene amatulukira mu RO. Akathamangitsidwa amadzibowolera njira imodzi m'botolo n'kudutsa osasefedwa bwino.

Amene safuna kudikira amamanga nsanja. Amatenga paipi ya PVC yaikulu bwino, yotalika mita imodzi kapena kuposerapo, n'kuiimika chilili. Pansi amatseka n'kuikamo kamwala ka thovu, pamwamba amasiya potseguka. Madzi a RO amalowera pamwamba n'kumatsika, thovu limakwera kuchokera pansi, ndipo otuluka amatengedwa pansi, kumene akumana ndi mpweya watsopano kwambiri. Ena amadzazamo timipira ta pulasitiki kuti madzi azigawika m'timadontho poyenderera. Mukaika khutu pakamwa pa paipiyo mumangomva kuwira kwapansipansi, koma madzi amene analowa ndi mamiligiramu makumi angapo amatuluka ndi ochepa okha. Nsanja ikakhala pamwamba pa botolo la DI, kulemera kwa madzi kumakwanira kuwayendetsa. Mafakitale opanga magetsi ndi ena ofuna madzi oyeretsetsa amachita zomwezi ndi nsanja zazitali zokhala ndi fani pansi, kapena ndi timachubu tambirimbiri topyapyala, monga ta Liqui-Cel, timene timalola mpweya kudutsa koma madzi ayi. Alimi oswetsa nsomba ndi madzi a pachitsime nawonso amayamba awagwetsa m'nsanja zotere, chifukwa madzi a pansi amabwera ndi carbon dioxide wambiri koma oxygen wochepa. Woweta mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zimakonda madzi a michere ndi pH yoyandikira 8, nthawi zambiri safuna RO, koma kupumitsa madzi a pachitsime asanawathire m'thanki kumamuthandiza chimodzimodzi.

Mpweya wopopera m'madziwo ukachokera panja ndi bwino, koma si nkhani yoti munthu asagone nayo tulo. M'nyumba yotseka mawindo carbon dioxide amafika magawo 1,000 pa miliyoni kapena kuposa, ndipo madzi opumitsidwa ndi mpweya wotere amatsala ndi miligiramu imodzi ndi theka pa lita. Poyerekeza ndi 50, ntchito yaikulu yachitika. Chofunika kusamala kwambiri ndi zina zimene zimatuluka limodzi. Zitsime zina zili ndi hydrogen sulphide, wa fungo la mazira ovunda, ndipo za m'miyala ya granite zimatha kukhala ndi radon, mpweya wopanda fungo umene umayambitsa khansa ya m'mapapo munthu akaupuma zaka zambiri. Diramu kapena nsanja ikhale pamalo podutsa mphepo, osati m'chipinda chogona.

Njira zina zilipo, koma kwa munthu wa pakhomo sizipambana imeneyi. Mafakitale ena amathira soda wa kositiki madzi asanafike pa RO kuti pH ikwere, mpweya usanduke bicarbonate, sefa n'kuukana. Zimatheka, koma zimafuna pampu yoyeza mankhwala ndiponso kuchotsa calcium poyamba, apo ayi sefa imauma ndi laimu. Anthu ena amangovomereza kuti timikanda ta negative tizitha, n'kutiika m'botolo lakelake kuti asamataye ta positive tikadali ndi mphamvu. Ena amatitsitsimutsa ndi soda wa kositiki, ndipo ta positive ndi asidi wa hydrochloric. Mankhwala awiriwa amaotcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso, ndipo kugwira nawo ntchito popanda magalasi ndi magolovesi n'kuika moyo pachiswe chifukwa cha ndalama zochepa. Kapampu ka mpweya kamadya magetsi ochepa kuposa babu, ndipo sikangavulaze mwana.

Nanga makorali eni ake?

Munthu akamva kuti madzi ake ali ndi carbon dioxide wambiri amada nkhawa ndi makorali, ndipo m'pomveka. Madzi a m'nyanja ali ndi pH pafupifupi 8.1. Carbon dioxide akachuluka pH imatsika, carbonate amachepa, ndipo makorali amavutika kumanga zigoba. Nyanja za dziko lapansi zikuyamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide amene anthu amatulutsa, ndipo pH yake yatsika ndi 0.1 kuchokera pamene mafakitale anayamba. Oweta makorali amayesetsa kuti m'thanki ikhale pakati pa 7.8 ndi 8.3.

Koma madzi owonjezera m'thanki m'malo mwa amene aphwa sakhala olakwa kawirikawiri. Timikanda tikamagwira ntchito, mpweyawu sufika n'komwe m'thanki. Ngakhale utafika, taganizirani thanki ya malita 400 imene imaphwa malita 5 patsiku. Malita 5 a mamiligiramu 50 ndi mamiligiramu 250, ndipo akamwazika m'malita 400 sakwana miligiramu imodzi pa lita, kwinaku mapampu akugwedeza madzi ndipo skimmer, chipangizo chochotsa zonyansa ndi thovu, ikuwapumitsa osaleka. Madzi atsopano osakaniza ndi mchere nawo amatakasidwa maola ambiri asanathiridwe, ndipo mpweya umatuluka pamenepo. pH ya m'thanki ikamakana kukwera ngakhale KH ili bwino, pakati pa 7 ndi 11, kawirikawiri vuto limakhala mpweya wa m'chipinda momwemo: anthu akupuma, chitofu cha gasi chikuyaka, mawindo ali chitsekere chifukwa cha chisanu. Kutsegula zenera kwa tsiku limodzi kumasonyeza ngati zili choncho. Zikatsimikizika, ena amatulutsa panja kapaipi kokokera mpweya ka skimmer, ena amadutsitsa mpweyawo m'botolo la soda lime, mankhwala omwe aja amene amayamwa carbon dioxide m'makina ogonetsera odwala ku opaleshoni.

Pali malo amodzi pamene mpweya wa m'madzi owonjezera umawonongadi mwachindunji. Oweta makorali ambiri amasungunula calcium hydroxide m'madziwo, njira imene Peter Wilkens anaifalitsa m'zaka za m'ma 1970 ndipo imadziwika ndi dzina la Chijeremani lakuti kalkwasser. Madzi ake amakhala ndi pH yoposa 12, ndipo akamadonthera m'thanki amabweretsa calcium ndi kukweza pH nthawi imodzi. Carbon dioxide akakumana nawo, calcium amasanduka choko chosasungunuka n'kukhazikika pansi pa chidebe, mphamvu ya mankhwalawo n'kuchepa. Amene amagwiritsa ntchito RO yokha popanda DI ayenera kupumitsa madzi asanathiremo laimuyo, ndipo akathira atseke chidebe ndi kuzimitsa thovu, chifukwa tsopano mpweya wa kunja ndi umene ukuwononga.

Mukamaliza kumanga diramu kapena nsanja, chongani ndi cholembera pomwe kufiira kwa timikanda kwafika, n'kulemba malita amene mwasefa kuyambira tsikulo. Muyezenso madzi a pachitsime nyengo ikasintha, chifukwa mpweya wa m'nthaka sufanana chaka chonse. Utoto wa timikanda nthawi zina umachedwa kusintha kapena umasintha mwa mawangamawanga, choncho kamita ka TDS kakhale pambuyo pa botolo lomaliza, ndipo kakangochoka pa 0 kufika pa 1, timikanda tisinthidwe tsiku lomwelo. Ambiri amaika mabotolo awiri a DI motsatizana: loyamba likatha amalichotsa, lachiwiri amalisunthira kutsogolo, ndipo latsopano limakhala kumapeto, kuti silica wolavulidwa ndi botolo lotopa apeze lina lomugwira asanafike m'thanki.